Mayi Wopeza M'kanyumba ka Vidiyo

Tsiku la msika pa Lizulu mvula inatidzidzimutsa.
Ndinafunditsa pulasitiki milu yanga ya kachewere
n'kuthamangira ku kanyumba ka vidiyo ka Bizaliyele
kukatenga Ndaziona, amene ndinamutuma machesi kalekale.
Ndinamupeza pa benchi yakutsogolo, kukamwa kuli yasa,
machesi ali m'manja, chenji atalipira pakhomo.

Ndinati ndikalipe. Koma pakanemapo panali mkazi wojambula,
mphuno ngati chikwakwa, zala ngati mafoloko,
chovala chakuda bii chokwekwerezeka pansi,
njerewere pachibwano, khwangwala paphewa,
akaseka mphezi ikung'anima kumbuyo kwake.
Mnyamata womasulira anakuwa mu sipika:
"Awa ndiye mayi opeza, anthuni, gwirani mitima!"
Ana onse anati uuu.
Ine ndinagwira chibwano changa.
Yanga ili kumanzere, ndinabadwa nayo.

Kenako kanatulukira kamtsikana ka chiuno cha mavu,
maso ngati mbale za tiyi, khungu la mbee,
kakusesa kakuimba, mbalame zikukathandiza kuyanika zovala.
Kwathu kuno mbalame zimangothandiza kutha mapira.
Sikatsokomola, sikanyanyala, sikadziwa chisanu cha Juni,
kamagwira ntchito tsiku lonse chidendene osang'aluka,
madzulo n'kukhala pazenera kudikira mnyamata wa pa hatchi
amene sanakafunse ngakhale mfunda wake.
Mkazi wakudayo anakapatsa chipatso chothira mankhwala,
iko n'kulandira ndi manja awiri, osakayika,
ngati sikanakhaleko ndi anthu.

Ndinafuna nditamuona wojambulayo, ndimufunse pang'ono.
Mayiyu anadya chiyani m'mawa?
Ndani anamusiyira mwana wa mwini ndi jumbo imodzi ya zovala
n'kukwera basi ya ku Joni, foni n'kuzima mpaka lero?
Zakudazo sanavalire maliro kodi?
Mawu okhuthalawo mwina ndi oitanira malonda pamsewu,
malole akulira, mphepo ya kutsidya ikucheka pakhosi.
Bwanji simunamuonetse akuwerenga makobili a yunifolomu,
akubwereza kawiri, osakwanabe,
kapena pamzere wa kuchipatala mbandakucha,
atabereka mwana wamkulu kale, wotentha ngati mbaula,
miyendo ikumumenya m'mawondo?

Pomaliza anamugwetsera kuphompho.
Ana anawomba m'manja, wina anaimba likhweru.
Kamtsikana kanakwatiwa, mabelu, nkhunda, maluwa,
mbale za paukwatipo sanatiuze anatsuka ndani.

Tinatuluka mvula itasanduka mawawa.
Ndaziona ankanditsata chapatali,
ndikaima naye n'kuima.
Pa mulu wa naNgozo ndinasankha pichesi lakupsa,
ndinalipukuta pa chitenje n'kumupatsa.
Analitembenuza. Analinunkhiza.
Maso anachoka pa pichesi kupita pachibwano panga,
n'kubwereranso.

Zaka zinayi ndikumuluka tsitsi Loweruka lililonse.

Ndinamulanda, ndinaluma mbali imodzi,
ndinatafuna pang'onopang'ono ndikumuyang'ana,
ndinameza, ndinamuonetsa lilime.
"Waona? Ndikadali moyo."
Anayamba wabisa nkhope m'chigongono,
kenako chiseko chinamuphulika mpaka kutsamwa.
Anadya mbali yotsalayo, madzi akutsikira m'mikono,
nati, "Komanso inu amayi khwangwala mulibe."
Ndinati, "Ndidzagula kachewere akakwera mtengo.
Bweretsa machesi."

Machesiwo anali atanyowa, onse.
Pamenepo ndiye ndinakalipa, mawu anga onse aja,
mpaka a kabaza anacheuka pasiteji.
Mphezi sinang'anime.
Tinakapala moto kwa naNgozo pa chigamphu cha mbiya,
iye patsogolo akuuzira, ine kumbuyo ndi dengu pamutu.

Usiku anatembenuka m'tulo
n'kundiponda msana ndi mapazi ozizira ngati mwala wa kudambo.
Ndinang'ung'udza monga achitira mayi opeza,
n'kumukokera bulangete.